Mmene kapamba anatsikira kuphazi

Ndikukumbukira bwino, ndipo sindikana: nkhani yonseyo ndinaiyambitsa ndine. Ndinali Fomu 2, chaka chimene mkulu wina wofuna uphungu anaika mbuzi kuti matimu a m'midzi ya kwa Mlonyeni alimbirane. Timu yathu inafika mufainolo, ine ndili pagolo. Chimene chinkandisowetsa tulo anali Ganizani, womwetsa zigoli wa kutsidya kwa dambo, amene shoti yake inkasiya zikhatho zikuyaka moto.

Kutatsala masiku ochepa, Ganizani anaponda molakwika pamzere wa fodya, phazi n'kutupa pang'ono. Kuchipatala anamukulunga bandeji n'kuuza amayi ake, aNabanda, kuti ndi sipuleni chabe. Mayiwo anachita manyazi kufunsa tanthauzo. Anakumana ndi ine panjira.

"Iwe wa kusekondale, sipuleni n'chiyani?"

Yankho ndinkalidziwa. Sipuleni m'Chingerezi ndi kubinya basi, zija timangothowa ndi madzi ofunda, mawa n'kulawirira kumunda. Koma m'kalasi tinali titaphunziranso sipulini, amene ndi kapamba, ndipo palilime lathu mawu awiriwa ndi mapasa.

Ndinagwira pakamwa. "Pepani amayi. Ameneyo ndi kapamba."

"Kapamba kuphazi?"

"Watsika. Akangothamanga, aphulika."

Tsiku la fainolo aNabanda anakhala pakhomo, musi uli pamiyendo. Anthu odutsa ankamva Ganizani akukuwa m'nyumba, "Amayi, ndachira ine!" Iwo n'kumayankha, "Ukafere kumpira ine ndili moyo? Gona!"

Timu ya Ganizani tinaichinya mopanda chisoni. Mbuzi tinaiveka jezi n'kuzungulira nayo mudzi wonse, fumbi lili koboo.

Zinaululika mayiwo atabwerera kuchipatala kukafunsa kuti kapambayo abwerera liti m'mimba. Akuti anamwino anaseka mpaka kukhala pansi.

Lero ndikaganiza, ndimaona kuti kwathu dzina lachingerezi linkalemera kuposa matenda ake. Akanangonena kuti wabinya, aNabanda akanamutuma kukathirira kudimba tsiku lomwelo, ndipo ine ndikanatola mipira muukonde mpaka dzuwa kulowa.

Bambo anandilamula kukakumba mtedza wonse m'munda wa aNabanda, wondiyang'anira n'kukhala Ganizani yemweyo. Ndinakumba ndikuimba nyimbo za timu yathu, matuza ali m'manja. Ganizani ataimirira n'kundiopseza kuti chaka chamawa ndidzaona, ndinatsamira khasu.

"Achimwene, khalani pansi. Angatsikenso."