Ndinagulitsa Filipo pamodzi ndi makina akale

Inu owerenga, mtima wanga sukhazikika mpaka lero, ndipo wolakwa ndine ndemwe. Phuma ndi limene linandipweteka.

Ndili ndi kachipinda pa Chimbiya komwe anthu amasewera magemu a mpira pa kanema. Makasitomala anga ndi oitanira minibasi ndi ogulitsa kachewere. M'makina anga akale anzangawa anapangamo timu yawoyawo. Aliyense anaikamo dzina lake, msinkhu wake, ngakhale dazi lake. Womwetsa zigoli anali Filipo, wogulitsa kabichi wa ku Lobi. Atamwalira chaka chatha, sitinamuchotse m'timumo. Loweruka lililonse ankagoletsabe, ife n'kumakuwa dzina lake.

Kenaka ndinamva kuti kwatuluka makina amakono. Ndinasowa mtendere. Ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, foni m'manja, kuonerera zithunzi zake. Mlamu wanga wa ku Joni atanditumizira, akale aja ndinagulitsa tsiku lomwelo kwa dalaivala wa lole amene sindimudziwa n'komwe. Sindinafunse munthu.

Ndinasesa, ndinalemba chikwangwani, ndinamemeza msika wonse. Loweruka chipinda chinadzaza. Chithunzi chinali chowala, udzu wa m'bwalo ngati weniweni, ndipo anthu anaomba m'manja. Ine pamenepo matama thoo! Kenaka a Gelevazio, akulu ake a Filipo, omwe ankabwera sabata iliyonse kudzangoonerera, anafunsa chapansipansi.

"Nanga mng'ono wanga mumulowetsa nthawi yanji?"

Timu yonse inali itapita ndi lole ija. Ndinachita chibwibwi kuti timupanganso, koma iwo anangovala chipewa n'kutuluka. Ena anawatsatira mmodzimmodzi.

Ndinamupangadi Filipo wina. Katatu konse. Mphuno ikukana kufanana, ndipo aliyense akuti si iyeyo. Pano anzanga aja amasewera bawo pakhonde la telala, makina anga okongolawo akungodya fumbi. Lole ikaima pamsewu ndimathamanga kukasuzumira nkhope ya dalaivala, mwina n'kukhala yemwe uja.

Abale anga, chatsopano sichikopa anthu ndi kuwala kokha. Amachilandira akapezamo zimene ankazikonda kale. Musanataye chakale, afunseni ochigwiritsa ntchito kuti anasungamo chiyani. Ine ndinaona makina otha, iwo ankaonamo mnzawo.

A Gelevazio amandipatsabe moni mwaulemu. Za nkhaniyi anayankhulapo kamodzi kokha.

"Achimwene, mwatiikitsa maliro kawiri."