Tiwonge wayankhula, koma wayankhula kwa mlendo

Monire mose. Ndangofika kumene kuchokera kuchipatala ndi Tiwonge, mwana wa malemu achemwali.

Paja aphunzitsi anadandaula kuti akamuloza m'kalasi amanjenjemera, pa buleki n'kumakabisala kuchimbudzi. Ine ndimayembekezera mankhwala. Anamwino a za maganizo akuti ayi, vuto lake ndi mantha a pagulu, ayamba ndi kucheza naye sabata iliyonse. Kenaka anditulutsa.

Ndakhala pabenchi pafupifupi ola. Abale, mwana amene kunyumba amangogwedeza mutu ndimamumva akuyankhula osalekeza, kungoti mawuwo samamveka bwino.

Potuluka anamwino akuti, "Mama, musiye kumukakamiza kupemphera mokweza pakabwera alendo." Ndiye kuti waulula za m'nyumba mwathu. Nanga zina zimene anamwinowo amalemba m'kope mwawo aziwerenga ndani? Ndawafunsa, akuti ndi chinsinsi cha mwana. Chinsinsi kwa ine amene ndikumulera?

Mtima wanga sukukhazikika. Koma tikudikira kabaza wandigwira chitenje n'kunena kuti, "Anti, Lachinayi tibwerenso." Chaka chonse chino sanandipemphepo kanthu.

Alamu a Nyirenda, mwanayu ndi wanu. Tipitenso kapena ayi?