Tsiku limene ndinaluma sipanala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga kuchokera ku Mitundu mpaka kuno ku Doha, amenenso salola kuti zimene munthu anaphunzira ali mwana zigwe pansi. Ndimayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Aziziya, ndipo mwezi wathawu Ambuye anandikumbutsa bambo anga kudzera m'mano.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano awiri akutsogolo atangoguluka. Bambo anali owotcherera zitsulo, ndipo ntchito imene inkatidyetsa inali yopanga ngolo. Ngolo imayambira pa ekiselo yakumbuyo ya galimoto yakufa, chitsulo chija chotupa pakati chimene chimagwira matayala awiri. Matabwa akathyoka mumakhoma ena, ng'ombe zikadwala mumabwereka, koma ekiselo ikawola m'kati, ngolo yonse ndi bodza.

Makutu a bambo anali atatha ndi phokoso la hamala. Choncho anali ndi njira yawoyawo yoyesera ekiselo. Ankaikweza pa njerwa, n'kuika nsonga ya sipanala yaitali pachitsulopo, mbali inayo n'kuiluma ndi mano, wina n'kumazunguza tayala. Ankati phokoso la m'kati limakwera m'sipanala, kudzera m'chibwano mpaka m'mutu, ndipo mano sanama.

Kamodzi kokha anagula ekiselo osailuma, chifukwa mwini ngolo ankawafulumizitsa. Ngoloyo inaguluka tayala pamlatho wamatabwa wa kumunsi kwa msika, matumba a mtedza n'kugwera m'madzi. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatcha a Tayala. Ana anzanga ankandigubuduzira chivundikiro cha ndowa ndikamadutsa. Alimi anasiya kubwera, ndipo mayi anayamba kukamba zoti makina owotchererawo agulitsidwe, tibwerere kumudzi kwawo ku Nathenje. Akulu a mpingo wathu ndiwo anawachitira chifundo: anawapatsa ntchito yopanga ngolo yonyamulira odwala ndi amayi oyembekezera kupita kuchipatala. Tonse tinadziwa kuti iyi ikalephera, ina sidzabweranso.

M'mawa wa tsiku lokagula ekiselo, bambo anadzuka tsaya litatupa ngati abisamo dzira. Dzino linawagwira. Mayi anawamanga mpango kuzungulira mutu, anatipempherera pakhomo, ife n'kukwera matola a ku Lilongwe.

Kumalo ogulitsa zitsulo zakale kunkanunkha oyilo wopsa ndi dzimbiri lotenthedwa ndi dzuwa. Mwini malo anali bambo wamtali wa chipewa chofiira, wamawu okoma. Anandipatsa chitumbuwa chotentha tisanayambe n'komwe kukamba, kenako anationetsa ekiselo yopakidwa penti wakuda, yonyezimira moti ndinkadziona nkhope. Chapatali, pafupi ndi mpanda, panali ina yadzimbiri, udzu utamera mozungulira, nkhuku zitaisandutsa pogona.

Anaikweza yakudayo pa njerwa. Bambo anatulutsa sipanala, anaigunditsa pachitsulo, n'kuyesa kuluma. Misozi inatuluka yokha. Anayesa mbali inayo, zinakanika. Kenako anapukuta sipanalayo pa malaya awo n'kundipatsa.

“Lemekezani, luma ndi mano a m'mbaliwo. Tseka maso.”

Mwini malo anaseka mpaka anagwira chipewa. “Madala, mwanayu mano ngochepa kale. Mukufuna abwerere kwa mayi ake ndi nkhama zokhazokha?”

Ndinaluma. Chitsulocho chinali chowawasira ngati magazi a pachilonda. Bambo atazunguza tayala, mutu wanga wonse unadzaza phokoso. Linali ngati pamene waluma mchenga mumpunga, ndipo tayala likamaliza kuzungulira pankamveka gu, kenako gu. Ndinatsegula maso. Ekiselo inali yokongolabe, mafuta a chitumbuwa anali adakali m'zala zanga, ndipo wondipatsayo ankandimwetulira. Ndivomereze pamaso pa Mulungu, mtima unafuna kunena kuti ili bwino.

“Nena zimene wamva,” anatero bambo, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa. “Zimene waonazo nanenso ndaziona.”

“Muli mchenga, ababa. Ndiponso muli munthu akugogoda.”

“Bwerani mudzamve, mwana wayamba ulosi!” mwini malo anafuulira anzake. Bambo anagwada pambali pa ekiselo yakudayo. Anamasula kabauti ka pansi pa chimimba chija, n'kulowetsa chala. Oyilo anatuluka wotuwa, wodzaza tizitsulo tonyezimira ngati mamba a nsomba. Anangokweza chalacho padzuwa. Kuseka kunatha.

Kenako tinathamangitsa nkhuku zija. Nditaluma sipanala pa ekiselo yadzimbiriyo, ndinamva kulira kumodzi kosalala, konga kwa amayi a kwaya akamang'ung'udza nyimbo mapemphero asanayambe. Ndinati, “Iyi ikuimba.” Bambo anagwedeza tayala uku ndi uku kuti aone ngati likusewera, ananunkhiza oyilo wake, n'kunena kuti, “Tatenga imeneyi.” Munthu wamkulu anaika dzina lake ndi chakudya cha ana ake pa mano a m'mbali a mwana wa sitandade thu.

Ngoloyo inatha kupangidwa mvula itayamba. Ulendo wake woyamba unali wa mayi wina wa mumpingo amene matenda a uchembere anamuyamba masana, msewu uli matope okhaokha. Njira ya kuchipatala inkadutsa pamlatho womwe uja. Anthu a pamsika anasiya malonda n'kuima m'mbali, ena kudzapempherera, ena kudzaona tayala likugubuduka. Bambo ankayenda pambali pa ngolo, dzanja lili pa thabwa, milomo ikugwedera. Ine ndinali pambuyo, maso pa tayala. Matabwa a mlatho analira, ng'ombe zinaterereka pang'ono, ngolo n'kuwoloka phee, osalira ngakhale pang'ono. Nthungululu imene inamveka tsiku limenelo sindinaimvenso kwina. Mwana wa mayi uja anabadwa bwino, makina owotcherera sanagulitsidwe, ndipo ngoloyo inanyamula odwala mpaka ine kumaliza sukulu. Dzina la a Tayala silinathe, koma anthu ankalitchula atavula chipewa. Chitsulo chimene nkhuku zinkagonapo chinasanduka mwala wa pangodya.

Tsopano za mwezi wathawu. Bwana wanga akumanga galimoto imene amaitcha hotirodi: thupi la galimoto yakalekale ya ku America, koma injini yaikulu yolusa ngati mkango. Mphamvu zonsezo zimathera pa ekiselo yakumbuyo, ndipo yofooka imathyoka tsiku loyamba. Loweruka lina ndinawaperekeza ku Sanaiya, dera la magalaja ndi zitsulo zakale, ine monga dalaivala chabe. Wogulitsa anatulutsa ekiselo yopoperedwa penti watsopano. Bwana anayeza m'lifupi mwake, analemba ndi choko n'kuwerenga kuti shafti, chitsulo chobweretsa mphamvu ya injini, ikuzungulira kangati tayala likazungulira kamodzi, anayerekeza ndi zithunzi za pafoni. Zonse zinagwirizana.

“Khalas, basi zatheka, Lemi, tsegula kumbuyo tikweze,” anatero.

Fungo la oyilo wopsa lija linandikumbutsa bambo. Ndinapempha mwaulemu kuti andibwereke sipanala yaitali. Nditagwada n'kuiluma, amakaniko onse anasiya ntchito. Wogulitsa anafunsa bwana ngati kunyumba kwawo antchito sapatsidwa chakudya. Ndinatseka maso. Mchenga uja unalipo, ndipo wogogoda uja anali asanatope.

“Bwana, iyi ayi. Atsegule tione.”

Bwana anatembenukira kwa amakaniko n'kunena kuti, “Yalla, tiyeni, tsegulani.” Chivundikiro chitachoka, mano awiri a giya yaikulu anali othyoka, zidutswa zake zili pansi mu oyilo. Panali ngati manda opakidwa njereza. Tinaluma zina zitatu, ndikutanthauza ine, mpaka tinapeza ina yafumbi kuseri kwa mulu wa zitseko, yoimba ngati kwaya ya kwathu. Lero ili pansi pa hotirodiyo, ndipo bwana akafuna chitsulo chilichonse amaitana ine, ati dokotala wa mano.

Pobwerera anandifunsa sukulu imene ndinaphunzira zimenezi. Ndinati kwa munthu wogontha wa ku Mitundu. Bambo anatisiya kale. Kwathu odwala masiku ano amakwera njinga zamoto, ndipo kuno makina amayeza galimoto munthu osadetsa chala. Koma penti akadali wotchipa kuposa giya, kuno ndi kwathu komwe.

Abale anga, inu olondera pamageti, oyendetsa magalimoto ndi oyala mabedi m'mahotela a mumzinda uno, Ambuye amene amamva za m'kati akudalitseni. Akupatseni mtima wonena zimene mwamva ngakhale chitumbuwa chili m'manja, ndipo pa mlatho uliwonse umene munagwerapo kale, akuwolotseni phee. Ameni.