Anafufuta mawu a bambo anga ndi chala chimodzi

Dzulo ndawaonanso a Jafali pa shopu yawo ya makompyuta pa boma pa Mangochi, akutamandabe kampani yaikulu ya mapulogalamu a kompyuta ija ngati anabadwa nayo mimba imodzi. Mtima wanga wawira. Lekani ndikuuzeni zimene anandichita.

Inali nthawi imene othawa nkhondo anzathu anayamba kubwerera ku Mozambique. Bambo anga anali atadwalika, nati akafere kwawo. Asanakwere lole anandifotokozera zonse: mayina a makolo athu, njira imene anathawira, ndi mtsinje umene anaikako mayi anga atamwalira panjira, ine nditatsogola kale ndi ana. Ndinali womasulira pa ofesi ina ku Namwera, ndiye ndinalemba mawu awo pa kompyuta ya pamenepo, ya pulogalamu ya kampani ina yaing'ono, n'kusunga pa disiketi imodzi, kachimbale kosungirapo zolemba za pa kompyuta. Ofesi itatsekedwa, kompyuta eni ake anapita nayo.

Ndinatsikira ku boma kuti a Jafali andisindikizire. Kungomva dzina la pulogalamu, anafa nacho chiseko. Akuti imeneyo ndi ya amphawi, dziko lonse lili ku kampani yaikulu. Mphunzitsi wina pamzere anawatsutsa. Akuti kampani yanuyo ndi yadyera, imakana dala kuwerenga za anzake kuti tonse tiigwadire. Basi mkangano buu! Ine chiimire.

A Jafali atalowetsa disiketi ija, kompyuta inatulutsa funso, koma pomwe ndinaima sindinkatha kuliwerenga. Ndinati, "Achimwene, ikuti chiyani?"

"Ikufuna kukonza disiketi yanu yosokonekerayi," anatero, maso ali kwa mphunzitsi. Chala pa batani, dii!

Kukonza kwake kumeneko? Inafufuta zonse, psiti! Funso lija linali chenjezo, iwo sanawerenge n'komwe. Nanga kampani yanzeru choncho, ikalephera kuwerenga chinthu, mankhwala ake n'kupha basi?

Kupepesa ayi. Akuti ndikanalemba ndi pulogalamu ya anthu. Anandibwezera disiketi akuti tsopano yayera ngati yatsopano, ndikauze madala abwereze nkhani yawo.

Abwereze? Bambo anali atawoloka kale malire, ndipo mvula isanagwe tinalandira uthenga wa maliro awo. Dzina la mtsinje lija sindinalisunge m'mutu, ndinadalira disiketi. Zimandipweteka mpaka lero.

Inu opita pa shopu imeneyo, muziwagwira dzanja asanadine chilichonse. Ndipo inu a Jafali, poti kampani yanu imadziwa zonse, taifunsani: mayi anga agona pa mtsinje uti?