Lezala la m'beseni

Dzulo, ndikulongedza beseni lokachilira nalo kuchipatala, ndinagwira lezala latsopano n'kukumbukira amayi.

Amayi nawonso analongedza lawo ku Maseya: zitenje zonunkhira sopo, ulusi, ndi lezala lodulira mchombo wa mwana. Ine ndili kamtsikana ka sitandade wani, ndinaba lezalalo kuti ndizisongolera pensulo. M'mawa mwake anawakweza panjinga kupita kuchipatala ku Chikwawa. Kunabwerera beseni lokha, zitenje zili chipindire.

Ndinakhala chete zaka zitatu, kenako ndinaulula kwa agogo amene ankandilera.

"Agogo, amayi ndinawapha ndine. Ndinawabera lezala."

Anandikokera pamiyendo pawo. "Iwe mwanawe! Amako magazi anawathera panjira. Kuchipatalako sanafike n'komwe."

Lero ndikudziwa kuti sindinalakwe, komabe m'beseni langa ndaikamo malezala awiri.