Nyimbo ya a Nyirenda m'holo ya kanema

Ndikukumbukira holo ya kanema ya pa Mzimba Boma, kuseri kwa msika, ya malata adzimbiri ndi mazenera opakidwa penti wakuda. Tinafika kumeneko kuchokera ku Dedza bambo atawasamutsa pa ntchito yawo ya ukalaliki, ine ndili mtsikana wa Sitandade 6. Mtima wanga sunkakhala pansi. Kusukulu anzanga ankacheza m'Chitumbuka, ine n'kumangomva dzina langa likudutsa. Kunyumba ndinkazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, mpaka mayi ankandituma ndi zosafunika zomwe kuti ndiwachokere pamaso.

Holoyo inali ya Mmwenye wina wa sitolo ya nsalu. Loweruka masana ankaonetsa akanema a ku India, ndipo mwamuna ndi mkazi akangoyandikitsa nkhope, chithunzi chinkadumpha poti aboma anali atadulapo. Holo yonse inkaimba mluzu. Mkatimo munkanunkha thukuta ndi mtedza wokazinga. Koma boma litalamula kuti Amwenye asamukire kumizinda ikuluikulu, makina a kanema anakwera lole limodzi ndi nsalu, holo n'kutsekedwa.

Patapita miyezi, ndikupita kuchigayo nditasenza chimanga, ndinamva magitala. Ndinatula dengu pakhonde n'kusuzumira. Anali amuna anayi ocheka matabwa ku Chikangawa, omwe ankatsika pa lole Loweruka lililonse kudzaimbira anthu. Mabenchi anali atawakankhira kukhoma, ndipo kutsogolo anamangako nsanja ya matabwa a paini, akununkhirabe utomoni. Mkuzamawu wawo unkayendera batire la galimoto. Mtsogoleri wawo anali a Nyirenda, munthu wamtali, wa chala chimodzi chodulidwa ndi macheka.

"Iwe ndiwe mwana wa a kalaliki, eti?" anandifunsa. "Chichewa ukuchidziwa chomene. Lowa, ndapota."

Anandiuza kuti anthu a wayilesi akubwera kudzajambula nyimbo m'holomo, koma masiku amenewo Chitumbuka sichinkaloledwa pa wayilesi. Nyimbo yawo yokoma kuposa zonse anaipekera mkazi wawo, amene anamwalira pobereka iwo ali kunkhalango. Ankafuna ndiwathandize kuitembenuza. Anaiimba kamodzi m'chilankhulo chawo, maso ali otseka, ine osamva kanthu koma tsitsi likunyerenyesa.

"Mawu omalizawo akuti chiyani?" ndinafunsa, pensulo ili m'manja.

Anasisita chala chodukacho. "Mbwenu lemba kuti ndakusowa."

"Basi?"

"Basi. Enawo sangakwane."

Masabata atatu ndinali wokonda kuchigayo moti mayi anayamba kudabwa. Mzere wa kuchigayo unkatalika sabata ndi sabata, m'kamwa mwanga mokha. M'kalasi ndinkagogoda desiki mpaka aphunzitsi anandilanda rula.

Tsiku lojambula, masana dzuwa likuswa mtengo, holo inadzaza. Anyamata a chipani anaima pakhomo kufunsa makadi, ine ndinalowera kukhomo lakumbuyo, dengu n'kulisiya pa mthunzi. Munthu wa wayilesi anakhala pambali ndi makina ake a matepi, zomvera zili m'makutu. A Nyirenda anayamba bwinobwino, koma atafika ndime yachiwiri lilime linathawira ku Chitumbuka. Wa wayilesi anakweza dzanja. A Nyirenda anayambanso, n'kugwera pomwepo. Anyamata a chipani aja anasiya khomo n'kusendera kutsogolo.

"Mukalakwanso ndilongedza," anatero wa wayilesi.

Kachitatu, ndinaona a Nyirenda akudodoma poyandikira malo aja. Sindinaganize. Ndinaimirira pa benchi n'kuimba mawu a Chichewa aja mokuwa. A Nyirenda anandiyang'ana, n'kutsatira mawu anga mpaka kumapeto, misozi ikutsikira m'kolala ya malaya. Wa wayilesi sanakweze dzanja.

Nditatembenuka, ndinaona bambo ataima pakhomo, dengu langa lili m'manja mwawo, mbuzi zitadyamo pafupifupi theka. Tinayenda ulendo wobwerera, ine ndikuganizira lamba wopachika kuseri kwa chitseko. Titadutsa msika anatsokomola.

"Mawu aja unalemba ndiwe?"

"Ee, bambo."

"Pamene wati ndakusowa, pakanakoma ukanati wandisiya ndekha." Anayendako pang'ono. "Za mbuzi ukawafotokozere wekha amayi ako."

Nyimboyo tinaimva pa wayilesi kamodzi kokha, tili ku Ntcheu kale poti bambo anali atawasamutsanso. Mawu anga ankamveka patali ngati mwana wotayika pamsika. Bambo anakwezako wayilesi.

Chaka chatha ndinatsika pa Mzimba dala. Holo ija tsopano akugulitsiramo simenti ndi misomali, ndipo mnyamata wogulitsayo sanamvepo zoti munkaimbidwa nyimbo. Za a Nyirenda ndinafunsa anthu angapo achikulire, palibe anadziwa kumene anathera. M'minibasi yobwerera, wayilesi inkaimba Chitumbuka mokweza, kondakitala akuimba nawo, popanda wocheuka kuona amene akumvetsera. Ndinayesa kuing'ung'udza nyimbo ija. Mawu a Chichewa ndikuwakumbukira onse, chifukwa ndinalemba ndine. Koma a Chitumbuka amene a Nyirenda anamuimbira mkazi wawo ndinawamva kamodzi kokha, ndili mwana wothamanga magazi, ndipo sindinawapemphe kuti andiphunzitse.