Foni Imene Inandilanda Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva kulira kwa zitsekerero za mabotolo pa thabwa la drafti, ndi utsi wa makoko a nshawa akunyeka kuseri kwa nkhokwe kwathu ku Zemba. Tikaweruka ku munda wa thonje ankatulutsa thabwalo n'kuitana, "Mkazi wanga, bwera ndikudye." Ndinali mdzukulu yekhayo amene ankasewera naye.

Kenako amalume anabwera ndi foni yochokera ku Chipata, yokhala ndi masewero a drafti. Agogo sankaona bwino, choncho anandipatsa ntchito: iwo akasuntha pa thabwa, ine ndinkadina pa foni, foniyo ikayankha ine n'kusuntha zitsekerero m'malo mwake. Ndinkakhala pa mpando wanga womwe uja, koma maganizo anali a wina. Azakhali podutsa ndi ndowa ankandiseka kuti ndalandira mkazi mnzanga.

Foni ikachedwa kuyankha, agogo ankakweza chala. "Khala chete, akuganiza." Ine sanandidikirepo choncho, ndikachedwa ankagogoda thabwa. Ndinawauza kuti chinthucho sichiganiza, aphunzitsi anati chimangowerengera. Agogo anandifunsa ngati ineyo ndimachita zina ndikamasewera.

Tsiku lina la mitambo, sola yotchajira itakanika, foni inazima masewero ali pakati, agogo atatsala pang'ono kupambana koyamba. Ndinapempha kuti ndimalize ine. Anakana. Anavundikira thabwa ndi lichero kuopa nkhuku, n'kunena kuti mnzawoyo adzamalize yekha maganizo ake. Ndinasenda nshawa mpaka zala kuwawa.

Mawa lake dzuwa linawala, foni inayaka, koma masewero aja munalibe. Inangoyala zitsekerero zake mwatsopano. Agogo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Wandiiwala?"

Anachotsa lichero, n'kundikankhira thabwa. "Iwe ukukumbukira pamene tinali. Sewera." Anandidya msanga, akuseka, kenako n'kuwonjezera kuti mnzawo uja sakanagwa mu msampha wopusa chotero.

Lero ku ntchito ya nyuzipepala ndimagwiritsa ntchito kompyuta imene imalemba ndime yonse ndisanamalize kumwa tiyi. Anthu akandifunsa ngati imaganiza, ndimawafotokozera bwinobwino zomwe akatswiri amagwirizana ndi zomwe amatsutsana. Koma ikachedwa kuyankha, anzanga n'kukhala chete kuidikira, chala changa chimayamba chokha kugogoda tebulo.